Puloti ya Nankhoma

Mayi Jenifer Nankhoma ndinawadziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Nyumba yathu ndi yawo zinkayang'anana, kanjira ka fumbi pakati, m'mudzi wina cha ku Chinguluwe. Anali mayi wamfupi, wa zidendene zong'aluka ndi matope, wosakonda kuyankhula pagulu. Ku tchalitchi ankakhala kumbuyo, pamaliro ankapezeka kotunga madzi. Koma akalowa m'madzi kuwokera mpunga, amuna awiri ankatsala m'mbuyo akuwongola misana, iwo ali kutsogolo, osadzutsa mutu.

Puloti yawo inali mu sikimu yaing'ono ya mpunga wothirira ya kwathu. Dambo limenelo anayamba kulilima ndi agogo awo aakazi, ngalande zisanakumbidwe. Pamene dambo linadulidwa m'mapuloti, banja lililonse linapatsidwa pamene linkalima kale, ndipo amayi awo a Jenifer analandira theka la ekala pafupi ndi pogawira madzi. Malo amenewo aliyense ankawasirira, chifukwa madzi ankafika pamenepo kaye asanapite kwa ena. Amayi awo atamwalira puloti inatsala ndi a Jenifer, ndipo iwo ankadziwa kuti tsiku lina idzatsala ndi Chisoni, mwana wawo wamkazi. Kwathu munda umayenda choncho, ndipo panalibe amene ankaona chofunsa.

Amuna awo, a Lenard, anali mkamwini wochokera ku Chitala. Anabwera ndi njinga, wayilesi ndi pakamwa pokoma. Sindinganame kuti anali munthu woipa kuyambira pachiyambi. Sankamenya, mowa ankamwa wa ulemu, ndipo nthawi yokolola ankathandiza kupuntha. Kungoti khasu silinkagwirizana nawo kwenikweni. Ntchito imene ankaikonda inali yokweza matumba panjinga kupita nawo ku Khombedza, kukakangana ndi mavenda, ndi kubwerako ndi nkhani za mitengo ya ku Lilongwe ngati kuti anafikako. Pamisonkhano ya sikimu ndi amene ankaimirira kuyankhula, akazi awo ali kumunda.

Ine ndine Thokozani. Nditamaliza fomu 4 ndinakhala pakhomo zaka zitatu, kuthandiza amayi kugulitsa tomato. Mu 2018 kunabwera anthu a ku yunivesite ina, akufuna achinyamata a m'deralo oti azifunsa alimi mafunso. Ankafufuza za malonda a mpunga: ngati mlimi amapindula akagulitsa kwa venda pa ndowa, kapena akasonkhanitsa ndi anzake n'kugulitsa pa sikelo. Mkulu wa kafukufukuyo anali Dokotala Kenneth, bambo waulemu, woyankhula motsitsa, amene ndinamuona katatu kokha pamoyo wanga. Anatiphunzitsa masiku asanu pa loji ina ku boma la Salima, natipatsa matabuleti, zipewa ndi kachipangizo koyezera minda. Wotiyang'anira tsiku ndi tsiku anali Godwin, ndipo lamulo lake linali limodzi: mabanja asanu ndi atatu patsiku, dzuwa kapena mvula.

Pakhomo lililonse tinkayamba ndi kuwerenga mawu amene tinaloweza, akuti kafukufukuyu sakubweretserani phindu lililonse, komanso sakubweretserani vuto lililonse. Mbali yoyambayo inali yoona.

Kwa a Jenifer ndinafika masana, lili banja lachisanu ndi chimodzi, Godwin ali nane chifukwa tsiku limenelo ankafuna kuona mmene ndimafunsira. Anatulutsa mipando iwiri, wina wa Godwin, wina wa a Lenard. Ine ndi a Jenifer tinakhala pamkeka. Mafunso oyamba anayenda bwino. Mutu wa banja ndani? A Lenard. Anthu angati pakhomo? Asanu. Kenako linabwera funso lofunsa mwini puloti, ndipo tabuleti inkalola dzina limodzi lokha.

Ndinayang'ana a Jenifer. Iwo anayang'ana pansi, nakonza chitenje pabondo.

"Ndi ya abambowa," anatero.

Munthu wa kwathu kuno safunika kumufotokozera chimene chinachitika pamenepo. Mkamwini amadziwa yekha kuti alibe dothi pamudzi wa mkazi wake, ndipo mudzi wonse umadziwa. Koma mkazi wolangizidwa bwino sanena zimenezo pamaso pa alendo, mwamuna wake atakhala pampando. Kunena kuti munda ndi wanga, pali mlendo wa chipewa ndi nsapato, n'chimodzimodzi kumuvula mwamunayo malaya pabwalo. Choncho umamupatsa ulemu wake wa pakamwa, alendo n'kupita, munda n'kukhala wa amene unali wake. A Lenard anangogwedeza mutu, ndipo sindikhulupirira kuti tsiku limenelo anaganiza china chilichonse.

Ine ndinkadziwa zoona zake. Ndinakula ndikuona amayi awo a Jenifer akuingitsa mbalame pa puloti imeneyo. Ndikanatha kufunsanso, kapena kubwerera madzulo kukawafunsa ali okha kuseri kwa nyumba. Koma ku loji anatiuza kuti tizilemba zimene munthu wanena, osati zimene ife tikudziwa. Godwin anali akuyang'ana wotchi, ndipo kunatsala mabanja awiri. Ndinalemba Lenard. Tinawasiyira sopo ndi paketi ya shuga, n'kupita kukayeza puloti, ndipo makina anaipatsa nambala 47.

Patatha miyezi ingapo Dokotala Kenneth anabwera kudzathokoza. Anati si bwino ofufuza kumangotenga nzeru za anthu osabweza kanthu, ndiye anabweretsa mphatso: mapu aakulu a sikimu yonse, okutidwa ndi pulasitiki, puloti iliyonse ili ndi nambala, kukula kwake ndi dzina la mwini wake. Anthu anaomba m'manja. Mapuwo anakhomedwa pakhoma la ofesi ya komiti ya sikimu, ndipo anthu ankabwera kudzaloza minda yawo ndi chala. A Jenifer sanapite. Sukulu anasiyira sitandade 2, ndipo munda wawo ankaudziwa popanda chithunzi.

Mvula ya chaka chotsatira inabwera ndi mphepo, n'kusasula denga la ofesi. Buku lakale la mayina a eni mapuloti linanyowa mpaka masamba anamatirana ngati phala. Mapu okha ndi amene anapulumuka, chifukwa cha pulasitiki ija. Mlembi wa komiti atagula buku latsopano anangoima pakhoma n'kukopera mayina onse mmene analili, akuyamikira kuti anthu ophunzira anamuchepetsera ntchito. Kuyambira pamenepo ndalama ya madzi a Jenifer ankaimasula okha pa mfundo ya chitenje, koma lisiti linkatuluka m'dzina la Lenard. Ankalipinda bwinobwino n'kulisunga m'Baibulo.

Zotsatira za kafukufuku ndinaziona pafoni, Godwin atatitumizira kuti tinyadire. Za malonda anapeza zimene mwana aliyense wa kuno amadziwa, zoti ndowa ya venda ndi yofutukuka m'mimba ndipo wogulitsa atangokolola amalira. Koma panali tsamba lina limene akuti linasangalatsa anthu ambiri kumisonkhano. Linkati mu sikimu yathu, pa mapuloti khumi aliwonse, imodzi yokha ndi ya mayi, ndipo linalangiza kuti amayi a kuno aphunzitsidwe za ufulu wawo wokhala ndi malo. Ndinaseka ndekha mpaka misozi. Amayi amene agogo awo anathyola dambo ndi makasu a m'manja, aphunzitsidwe kuti akhoza kukhala ndi munda. Amayi onsewo anangochita zimene anachita a Jenifer, ndipo ife achinyamata khumi ndi awiri tinalemba.

Ulendo wa a Lenard wa ku Khombedza unayamba kutalika. Poyamba ankabwera madzulo, kenako mmawa mwake, kenako pakatha masiku atatu. Kumeneko kunali mayi wina dzina lake Lilian, wogula mpunga n'kumakagulitsa ku Lilongwe, wakuthwa mutu pa malonda. Mu 2022 ankhoswe anakhala pansi kawiri, zinakanika, banja linatha. A Lenard anachoka monga amachokera mkamwini aliyense: njinga, zovala m'chikwama, ndi wayilesi yatsopano. A Jenifer sanalire pagulu. Kwa amayi anga anangonena kuti pakhomo pachepa mbale imodzi, ndipo tsiku lomwelo anapita kukasankha mbewu ya nazale.

Nthawi yogawula itafika, anapita ku puloti mmawa n'kupeza amuna atatu achilendo akulima. Anawapatsa moni, n'kufunsa ngati sanasochere. Iwo anati atumidwa ndi bambo Lenard, eni malowo, ndipo alipidwa kale theka. A Jenifer anaima pa mzere khasu lili paphewa kwa nthawi ndithu. Kenako anabwera kwathu, osati kwawo.

"Thoko, paja iwe umawerenga. Tiye ukandiwerengere ku ofesi."

Sindinafunike kuwerenga. Ndinadziwa pomwepo chimene tikapeze. Pakhoma, nambala 47, panali dzina limene ndinalemba ine ndi chala changa. M'buku chimodzimodzi. Atatulutsa malisiti a m'Baibulo aja kuti akhale umboni wawo, onse ankanena za mwamuna amene anawasiya.

Malamulo a sikimu amati puloti ndi ya membala wolembedwa m'buku. Lamuloli linalipo kuyambira kale, koma palibe ankalilabadira, chifukwa buku lakale ndi mudzi zinkanena chimodzi. Mlongo wawo wa a Jenifer, amene akanaima ngati mwini mbumba, anali ku Joni, wopanda mapepala obwerera, ndipo anangotha mayunitsi kukalipa pafoni. Nkhani inaikidwa kuti ikambidwe ndi komiti pakatha milungu iwiri.

Ndinafunafuna nambala ya Dokotala Kenneth mpaka ndinaipeza. Anandikumbukira, kapena anachita ngati wandikumbukira. Ndinamufotokozera zonse, n'kupempha kalata yachidule yonena kuti mayina a pamapu anali mayankho a pakamwa, osati umboni wa umwini. Anamvetsera mofatsa, napepesa kwambiri. Anati mapuwo sanapangidwe kuti akhale chikalata cha malo, ndipo zimenezo n'zodziwikiratu. Koma kalata yotchula munthu sangalembe, chifukwa mayankho a anthu ndi achinsinsi, ndipo malamulo a yunivesite salola. Ndinamukumbutsa kuti chinsinsicho chakhomedwa pakhoma zaka zinayi, aliyense akuchiloza ndi chala. Iye anati zimene ndamuuzazi n'zochititsa chidwi kwambiri, ndipo zikhoza kukhala kafukufuku wina payekha thandizo likapezeka. Mayunitsi anga anathera pamenepo, ndipo iye sanaimbenso.

Tsiku la mlandu tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Wapampando anali a Samueli, munthu wachikulire amene anavina nawo pa ukwati wa a Jenifer. A Lenard anabwera atavala jekete, mafotokope a malisiti ochokera ku ofesi ali mu envelopu. Anayankhula bwino monga mwa nthawi zonse. Anati iwo sakulanda kanthu, akungotsatira buku, ndipo kwa zaka makumi awiri thukuta lawo linagwera pa puloti imeneyo. Anthu ena anayang'ana kumbali atamva za thukutazo.

Ine ndinaimirira monga mboni. Ndinanena zonse: kuti puloti inali ya agogo, kenako ya amayi, kenako ya a Jenifer, kuti dzina la pamapu ndinalemba ndine, ndipo ndinalemba ndikudziwa kuti si zoona. Ndinkaganiza kuti kuvomera kulakwa kwanga kukwanira. A Samueli anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwanawe, unapita ku maphunziro, unalipidwa, unalemba. Lero ukuti unalemba bodza. Ndiye ife tikhulupirire tsiku liti, lija kapena lero?"

Nditayang'ana pa benchi ya komiti ndinamvetsa kuti yankho langa silinkafunika n'komwe. Mwa anthu asanu ndi awiri amene anakhala pamenepo, asanu anali akamwini, kuphatikizapo a Samueli omwe, ndipo mayina awo anafika pamapu mwa njira yomweyo. Kufufuta dzina la a Lenard kunali kutsegula chitseko cha nyumba zawo zomwe. Onse ankadziwa mwini puloti, ndipo onse anali ndi chifukwa choiwalira. Mlembi anawonjezera kuti bungwe limene likufuna kukonza ngalande linalandira kale mndandanda umenewo, ndipo kuusintha kungachedwetse simenti.

Kenako anafunsa a Jenifer okha. Anagwada pamene anali, manja pa maondo, monga amayankhulira mayi kwa akuluakulu. A Samueli anawafunsa ngati n'zoona kuti pamaso pa ofufuza ananena ndi pakamwa pawo kuti puloti ndi ya amuna awo.

"Ndinanena."

"Alipo anakukakamizani?"

"Ayi. Panali alendo."

Amayi amene anakhala kumbuyo anang'ung'udza, chifukwa aliyense wa iwo anamva bwino lomwe. Komiti inalemba mawu oyamba okhawo. Chigamulo chinali chakuti buku litsatidwe, koma mwa chifundo a Jenifer aikidwe pa mndandanda wa odikira puloti ikadzapezeka kumunsi kwa ngalande, kumene madzi amafika ena onse atakhuta. Anawauzanso kuti ngati sakukhutira akhoza kupita ku khoti ku boma. Anapitako kamodzi ndi Chisoni, anauzidwa kuti abwere ndi zikalata, ndipo zikalata zonse zimene anali nazo zinali za a Lenard.

Pochokera ku mlandu wa komiti uja ndinkayenda kumbuyo kwawo, ndikudikira kuti anditukwane. Ndinkafuna anditukwane. Iwo anangondifunsa ngati amayi anga apeza bwino mwendo. Mpaka lero sanandinenepo mawu oipa, ndipo chimenecho chimandiwawa kuposa chilichonse. Ndimakwiyira a Lenard, ndimakwiyira komiti, ndimakwiyira Dokotala ndi mawu ake ofatsa, koma ndikawerenga onsewo ndimapeza kuti chala chinali changa.

Kuyambira chaka chimenecho a Jenifer amakhalira ganyu. Nthawi yowokera sasowa ntchito, chifukwa aliyense amadziwa dzanja lawo, ndipo eni mapuloti amawalimbirana. Amalipidwa pa ndime, nthawi zina ndi mbale za mpunga. Kumtunda ali ndi kamunda ka chimanga kamchenga, kamene sikafika nawo mu Disembala. Chisoni anasiya kudikira, anapita ku Senga Bay kukagwira ntchito ya m'nyumba. Mpunga wa Kilombero umene kale ankaupatsa alendo kuti anyamule, tsopano amaudya pa Khirisimasi, ngati wina wawakumbukira.

Mu 2024 a yunivesite anabweranso, kudzaona ngati malonda asintha pa zaka zisanu ndi chimodzi. Godwin anandiimbira, ndipo ndinavomera. Mukhoza kundiweruza, koma ndili ndi ana awiri ndipo tomato salipira sukulu. Ku loji ndinakweza dzanja n'kufotokoza za funso la mwini puloti lija. Anandithokoza, nati funsolo silingasinthidwe, chifukwa mayankho atsopano ayenera kufanana kafunsidwe ndi akale kuti athe kuyerekeza. Anangowonjezera lina lofunsa amene amayang'anira ntchito tsiku ndi tsiku. Anatiuzanso kuti kafukufuku akutsata puloti, osati munthu. Amene alibe puloti safunsidwa.

Nambala 47 inagwera ine. Ndinapempha kusinthana ndi mnzanga, Godwin anakana. Ndinapeza Lilian atakhala pa ndowa yovundikira m'mphepete mwa mzere, ambulera m'manja, akuyang'anira aganyu. A Lenard anali ku Khombedza. Lilian anayankha mafunso onse mwachangu, mitengo ali nayo pamutu. Mwini puloti, a Lenard. Woyang'anira, iye mwini. Madzulo ake Godwin anasangalala kuona kuti amayi oyang'anira mapuloti akuoneka ochuluka, nati Dokotala akondwa.

Koma ndisanachoke pa puloti paja ndinamva wina akundiitana. Pa puloti yoyandikana nayo, ya munthu wina, panali amayi anayi akuwokera, ndipo amene anali kutsogolo anali a Jenifer. Ndinali nditawaona pofika, n'kutsitsa chipewa. Anatuluka m'madzi mbande zili m'manja, matope mpaka m'maondo, nabwera pa mzere. Ndinabisa tabuleti kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Ndinkaganiza kuti afunsa ngati dzina lawo lilipo, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza bodza.

Sanayang'ane ine. Maso awo anali pa puloti yawo yakale ija, pa ngodya ya kumunsi, pamene mpunga unkaoneka wachikasu.

"Thoko, ukawauze mayiwo atseke pangodya apo. Pali una wa nkhanu, madzi amathawira pansi. Chaka chilichonse pamafunika kupondera dothi la pachulu, osati matope wamba. Akachedwa sabata ino, mbali yonseyo ipserera."

Ndinawafunsa chifukwa chake akuvutikira mpunga umene sadzadyako.

"Nanga ndizingouyang'ana ukufa? Ine sangandimvere. Iwe akumvera, uli ndi makina."

Anabwerera m'madzi, nawerama, n'kupitiriza mzere wawo pamene anausiyira.